Mtengo wa pabwalo ukauma, musathamangire nkhwangwa

Mtengo wa pakhomo umagwira ntchito zambiri zimene sitiziwerengera mpaka utachoka. Pansi pake ndi pamene timayala mphasa alendo akafika, pamene timatongolera chimanga, pamene azibambo amakhala pakagwa zovuta. Ukauma kapena kugwa, ambiri amachita manyazi kunena kuti zawapweteka, poopa kuuzidwa kuti ndi mtengo chabe. Chisoni chimenecho ndi chenicheni. Ifenso tinataya mtengo wa mango a boloma umene unadzalidwa ndi makolo, ndipo zimene ndalemba pano ndi zimene munthu amafunika kudziwa pa nthawi ngati imeneyo. Chachikulu n'chakuti masabata oyambirira ndi amene amagamula ngati mtengowo utheretu kapena upitirire kudzera m'nthambi, njere kapena chitsa chake. Kudula kubwere pambuyo.

Yambani mwatsimikiza kuti wafadi. Mlombwa, mlambe ndi mitengo ina yambiri yachilengedwe imayoyola masamba m'chilimwe n'kudzaphukira mvula ikamayandikira. Msangu umachita zosiyana, umakhala wopanda masamba m'dzinja anzake ali biriwiri. Koma mango, mapeyala ndi malalanje sayenera kukhala opanda masamba nyengo iliyonse, ndipo masamba ake akafiira onse n'kukhalabe lende osagwa, zinthu zavuta. Kandani khungwa la kanthambi ndi chikhadabo kapena nsonga ya mpeni. Mkati mukakhala mobiriwira ndi monyowa, pali moyo. Mukakhala mofiirira ndi mouma, yesani nthambi yokulirapo, kenako thunthu, mpaka patsinde penipeni, chifukwa mitengo yambiri imayamba kufera kunsonga pamene kumunsi kudakali moyo. Gogodaninso thunthu ndi kumbuyo kwa nkhwangwa kuzungulira mbali zonse. Lamphako limalira mosiyana ndi lathunthu bwino, ndipo muyenera kudziwa zimenezi musanadule.

Chaupha n'chiyani?

Funso ili musalilumphe, chifukwa yankho lake ndi limene lidzakuuzeni ngati chitsa chingasiyidwe komanso ngati malowo angadzalidwenso. Pafupifupi aliyense amaloza chiswe, poti ndi chimene chimaoneka. Koma nthawi zambiri chiswe chimafika pa mtengo umene wafooka kale, n'kulowera pa bala kapena pa gawo louma. Chimene chinaufooketsa chimakhala chinthu chimene tinachita tokha zaka ziwiri kapena zitatu m'mbuyomo, n'kuchiiwala.

Moto ndi umene umapha mitengo yambiri ya pakhomo. Tikasesa, zinyalala timaziunjika patsinde n'kuyatsa. Moyo wa mtengo uli pa kachikopa kopyapyala kamene kali pakati pa khungwa ndi thunthu, ndipo kachikopako kakapsa mbali imodzi, khungwa limafunduka, mvula imalowa, mtima wa mtengo n'kuyamba kuola. Waya woyanikira zovala kapena chingwe chomangira mbuzi chikazungulira thunthu n'kumalowa mkati pamene mtengo ukunenepa, chimadula njira ya chakudya chopita ku mizu. Kudula nthambi ndi chikwanje n'kusiya zitsa zong'ambika kumatsegulanso khomo la kuola. Kumanga nako kuli ndi mlandu wake: mizu yodyera ya mtengo ili pamwamba, yambiri mkati mwa masentimita 60 oyambirira a dothi, ndipo imatambalala kupitirira pamene mthunzi umathera. Maziko a nyumba, dzenje la chimbudzi kapena simenti yothiridwa pabwalo lonse zimadula kapena kutsamwitsa mizu imeneyi. Dothi lofukulidwa pa maziko likaunjikidwa patsinde mpaka kukwirira khungwa, zotsatira zake n'zomwezo. Mapeyala amadana kwambiri ndi madzi odikha, ndipo mtengo wa mapeyala umene uli pamene pamathera madzi a ku bafa umaola mizu.

Pali chifukwa china chimene chimafunika kuchiyang'ana ndi maso awiri, ndicho matenda a bowa oola mizu. Fukulani pang'ono patsinde n'kufundula khungwa. Mukapeza zoyera zoyalana pakati pa khungwa ndi thunthu, zonunkha ngati bowa, kapena timabowa tofiirira tomera mothithikana patsinde nyengo ya mvula, amenewo ndi matenda amene alimi a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje akhala akulimbana nawo kuyambira kale. Amakhala m'chitsa ndi m'mizu yakufa kwa zaka zambiri, n'kumagwira mizu ya mitengo yoyandikana nayo. Bowa wolimba womera m'mbali mwa tsinde ngati mbale yomatidwa nayenso amasonyeza kuti mkati mwaola. Bowa womera pa chitsa kapena pa thunthu musadye, ndipo ana auzeni.

Mtengo wopendekera ku nyumba, umene dothi la patsinde pake latukuka kapena kung'aluka mbali imodzi, usadikire. Pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mitengo ikuluikulu ku chigawo cha kummwera inazuka ndi mizu yomwe chifukwa dothi linali litakhuta madzi kwa masiku angapo. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

Pulumutsani mbewu yake mtengo udakali chiimire

Apa ndi pamene ambiri amataya mwayi. Ngati pa mtengopo patsala nthambi ngakhale imodzi yamoyo, kapena wagwa ndi mphepo masamba adakali obiriwira, mtengo womwewo mungathe kuupitiriza pokwatitsa kanthambi kake pa mbande ina. Mtengo wotuluka pamenepo udzabala zipatso zofanana ndendende ndi za kholo lake, kukoma, kukula ndi nyengo yopsera, chifukwa ndi mtengo womwewo umene wangopatsidwa mizu yatsopano.

Sankhani nsonga za nthambi zokhwima, zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 10 mpaka 15, zimene maso ake atupa koma sanaphukire. Nsonga zanthete za masamba ofiirira sizigwira. Dulani m'mawa, chotsani masamba onse ndi mpeni n'kusiya timiyendo take, kulungani mu nsalu yonyowa, ikani mu jumbo pamthunzi. Zigwiritseni ntchito tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa tsiku lililonse lopita mwayi wogwira umachepa. Dulani zambiri, khumi kapena kupitirira, poti si zonse zimene zidzagwire. Ngati matenda ali mu nthambi momwemo, mukadula n'kuona mizere yakuda mkati kapena utomoni wakuda ukutuluka pa timabowo, nthambi zimenezo zisiyeni.

Mbande yokwatitsapo ikhale ya mtundu womwewo wa chipatso, mango pa mango, mapeyala pa mapeyala, ndipo inenepe mofanana ndi kanthambi kanu. Ngati mulibe, gulani mbande za mango achikuda ku nazale. Pukutani lezala yatsopano kapena mpeni wakuthwa ndi sipiriti. Dulani mutu wa mbande pa msinkhu wa masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pansi, kusiya masamba angapo m'munsi. Ng'ambani pakati penipeni motsika masentimita 3. Kanthambi kaja kasongoleni kumunsi mbali ziwiri, masentimita 3 omwewo, podula kamodzi n'kamodzi mbali iliyonse kuti pakhale posalala, ndipo podulapo musagwire ndi zala. Lowetsani mu mng'alu muja. Chinsinsi chonse chili pa makungwa: khungwa la kanthambi likumane bwino ndi khungwa la mbande, ngakhale mbali imodzi yokha ngati sizikufanana kunenepa. Mukakaika pakatikati makungwa osakumana, kadzauma ngakhale mumange bwanji. Mangani zolimba ndi kalamba kodulidwa ku pulasitiki wofewa, kuyambira m'munsi kukwera, kuti madzi asalowe. Vindikirani kanthambiko ndi kapepala koonekera ngati ka mafilizesi kuti kasaume, ikani pamthunzi, thirirani m'chubu osanyowetsa polumikiza. Pakatha masabata awiri mpaka anayi maso amaphukira, ndipo kapepala kaja muchotse. Kalamba komangira kamasuleni pakatha miyezi iwiri kapena itatu kasanayambe kulowa m'khungwa. Mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa polumikiza muzizibudula, apo ayi zidzalanda chakudya n'kupha kanthambi kanu.

Ngati dzanja lanu silinazolowere, tengani tinthambito mupite nato kwa munthu wa nazale kapena kwa mlangizi wa zaulimi. Ntchito imeneyi amaichita mwachangu, ndipo si pa mtengo wa makolo pamene munthu ayenera kuphunzirira.

Njere nazo zimathandiza, koma mosiyanasiyana. Mango ambiri achikuda amatulutsa mphukira zingapo pa njere imodzi, ndipo zambiri mwa mphukirazo zimatengera mayi wake. Mango achizungu monga Kent, Keitt, Haden ndi Tommy Atkins amatulutsa mphukira imodzi, ndipo mtengo wake sudzafanana ndi kholo. Mapeyala nawonso satengera kholo pa njere. Njere ya mango sichedwa kufa, choncho idzalidwe masiku ochepa chipatso chikadyedwa. Tsegulani chigoba chake m'mbali mosamala, tayani njere yoboola kapena yakuda chifukwa imeneyo yadyedwa ndi kachirombo, dzalani yabwinoyo chamsana m'mwamba, yokwiririka masentimita 2 kapena 3. Mtengo wa njere umayamba kubala pakati pa zaka 5 ndi 8, wokwatitsa pa zaka 3 kapena 4. Kachere, mkuyu, chammwamba, mabulosi ndi gilisidiya safuna zonsezi. Nthambi yaiwisi yonenepa ngati mkono, yozikidwa pansi mvula ikamayamba, imamera.

Tsiku lodula

Musanadule, auzeni eni ake. Mtengo wa pakhomo suli wa munthu mmodzi. Amene anaudzala ngati ali moyo, abale amene anakulira pansi pake ngakhale ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, amve kwa inu, asadzangoona chitsa atabwera. Jambulani zithunzi udakali chiimire. Ngati unali chizindikiro cha malire, itanani mnansi wanu ndi amfumu aone musanachotse chitsa, chifukwa milandu ya malo imayambira pa zinthu ngati zimenezi. Wa lendi afunse eni nyumba. Mitengo yachilengedwe monga mlombwa ndi mbawa imatetezedwa ndi malamulo a nkhalango, choncho yambani mwafunsa ku ofesi ya zankhalango, ndipo kuotcha makala kumafuna chiphaso. Ngati nthambi zili pafupi ndi mawaya a magetsi, itanani a ESCOM, musakwere.

Mtengo wouma ndi woopsa kuposa wauwisi. Nthambi zake zimathyoka zokha ndi kugwedezeka kwa nkhwangwa n'kugwera wodulayo pamutu. Mu mphako mumakhala njuchi, mavu kapena njoka. Waukulu umene uli pafupi ndi nyumba umayamba kudulidwa nthambi imodziimodzi, zotsitsidwa ndi chingwe, thunthu pomaliza, ndipo imeneyo ndi ntchito ya anthu oizolowera. Ngati pali malo oti ugwere wathunthu, ana ndi ziweto akhale kutali kuwirikiza kawiri msinkhu wa mtengowo. Mangani chingwe pamwamba musanayambe kudula, okoka aime kutali kupitirira pamene nsonga ingafike. Temani kamwa kumbali imene mukufuna ugwere, kulowa gawo limodzi mwa magawo anayi a thunthu. Kenako dulani kumbuyo, pamwamba pang'ono pa kamwa kaja ngati masentimita 5, koma osapyoza. Siyani kagawo kosadula pakati, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, chifukwa ndi kamene kamaongolera mtengo pogwa. Thunthu lamphako silikhala ndi kagawo kodalirika kotero, n'chifukwa chake limagwera kulikonse. Ukayamba kulira, thawirani chakumbuyo mopingasa, osati kumbuyo kwenikweni, poti tsinde limatha kudumphira m'mbuyo. Wogwa kale ndi mphepo nawo uli ndi msampha: nthambi zopanikizika pansi zimafwamphuka zikadulidwa, ndipo mizu yozuka ndi dothi lake imatha kubwerera m'dzenje thunthu likadulidwa. Mwana asasewere m'dzenje limenelo.

Thunthu musalimalizire ku nkhuni lonse. Nthambi zing'onozing'ono zipite ku moto, koma gawo labwino la thunthu mupatse mmisiri apange chinthu chokhala pakhomo: benchi, mipando, mtondo, kapena tebulo laling'ono. Imeneyi ndi njira yabwino yolemekezera mtengo umene wadyetsa banja, ndipo mwana wofunsa kuti mtengo uja unapita kuti amakhala ndi choti n'kumuonetsa. Thabwa la mango ndi lokongola koma limafumbwa ndi kuchita nkhungu msanga likasiyidwa pansi ndi khungwa. Lichekedwe masabata oyambirira omwewo. Fundulani khungwa, pakani penti kumapeto konse kuti lisang'aluke, sanjani matabwa pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, ndi timitengo topingasa pakati pa thabwa lililonse, mwala wolemera pamwamba kuti asapindike. Aumitseni miyezi ingapo, ochindikala nthawi yotalikirapo. Pa mtondo kapena chilichonse chokhudza chakudya musapake oyilo wa galimoto. Utomoni wa mango umayabwa ndi kutupitsa khungu kwa anthu ena, ndiye ochekawo avale malaya a manja aatali.

Chitsa

Ngati munapeza matenda a bowa aja, chitsa chichoke pamodzi ndi mizu yonse ikuluikulu imene mungaikwanitse, ziotchedwe kutali ndi mitengo ina, dzenje lisiyidwe poyera liwombedwe ndi dzuwa chilimwe chonse. Pamalopo dzalanipo chimanga kapena udzu kwa nyengo imodzi kapena ziwiri musanaganize za mtengo.

Koma ngati mtengo unagwa ndi mphepo pothyoka, unadulidwa chifukwa choopseza nyumba, kapena unafera kumtunda tsinde lili lobiriwira, chitsa chimenecho ndi chuma. Pansi pake pali mizu ya zaka makumi angapo, yofika kumadzi, imene mbande ya m'chubu ingatenge zaka zambiri kuti iipeze. N'chifukwa chake mphukira za pa chitsa zimakula mofulumira kwambiri ndipo sizifuna kuthirira. Alimi a ku Niger anabwezeretsa mitengo m'minda yawo yambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980 posamalira zitsa motere, ndipo alangizi a zankhalango kuno akuphunzitsa zomwezo. Mango, mapeyala, gwafa, keshya, nimu, malaina, bulugamu ndi mitengo yambiri yachilengedwe imaphukira pa chitsa. Paini saphukira.

Dulani chitsa mopendeketsa kuti madzi asadikhepo, ndi sowo kuti pakhale posalala. Cha mtengo wamthunzi chikhale chachifupi, masentimita 15 mpaka 30. Cha mango kapena mapeyala chisiyeni chachitali pafupifupi mita imodzi, n'kupaka laimu wosungunula m'madzi kuti khungwa lozolowera mthunzi lisapse ndi dzuwa. Mphukira zidzatuluka zambirimbiri. Zisiyeni miyezi ingapo zilimbe, kenako sankhani ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zoongoka, zotalikirana, zina zonse mudule ndi mpeni wakuthwa moyandikira khungwa. Mukazisiya zonse mudzapeza chitsamba chopanda thunthu. Mphukirazi zimangogwira pakhungwa zaka zoyambirira, ndipo mphepo imazikhadzula mosavuta, choncho zimangirireni ku mtengo wozika. Ngati mtengo unali wokwatitsa, mphukira zotuluka m'munsi mwa polumikiza ndi za mbande yapansi, ndipo zipatso zake zidzakhala zina. Zimenezo mungathe kuzikwatitsa zikafika ponenepa ngati pensulo, monga tafotokozera muja.

Kudzala wina

Musadzale pa dzenje lenileni la wakale. Mizu yotsala ikamaola dothi limatitimira, chiswe chimasonkhana pomwepo, ndipo kuola kwa mitengo kumalanda chakudya cha m'nthaka kwa kanthawi. Sunthani mamita awiri kapena atatu, ndipo mpata umenewu muugwiritse ntchito kukonza zimene zinalakwika poyamba. Mtengo wa mango ukhale mamita 8 mpaka 10 kuchokera ku nyumba, kutali ndi chimbudzi ndi mawaya. Kachere ndi bulugamu si za pafupi ndi khoma kapena chitsime.

Kumbani dzenje la masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya, mwezi umodzi mvula isanayambe. Dothi lakuda lapamwamba liikeni mbali ina, lofiira lapansi mbali ina. Sakanizani lakudalo ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za malita 20 za manyowa oola bwino, bwezerani m'dzenje, lofiira pamwamba, musiye likhazikike. Manyowa aawisi amaotcha mizu ndi kuitana chiswe. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma mtengo umodzi umene mukuufunitsitsa udzalidwe mvula ikangokhazikika, Januwale asanathe, kuti mizu igwire dothi lisanaume. Chotsani chubu chonse, dulani mizu yozungulira pansi pake, ndipo dothi lifike pamene linkafika m'chubumo basi. Polumikiza pakhale pamwamba pa dothi. Pondani mozungulira, pangani beseni, yalani udzu wouma koma usakhudze tsinde. Mpanda wa nsungwi kapena wa minga umangidwe tsiku lomwelo, chifukwa mbuzi sidikira mawa. M'chilimwe choyamba ndi chachiwiri thirirani ndowa imodzi kawiri pa sabata, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Kuthirira kwambiri nthawi imodzi kumatsitsa mizu pansi, pamene kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumaisunga pamwamba.

Zaka zodikira mthunzi ndi zovuta. Nyumba ya malata imatentha kuposa kale mu Okutobala, bwalo limachita fumbi, mvula imayamba kukokolola pamene masamba ankaitchinga. Imikani chisakasa, muyangitsepo magalagadeya kapena maungu. Papaya, nthochi, nandolo ndi chammwamba zimapereka kamthunzi ndi chakudya chaka chisanathe kapena kungopitirira pang'ono, koma zikhale mamita awiri kapena kuposa kuchokera ku mbande yanu. Dzuwa limene lafika pansi tsopano limalola kadimba ka ndiwo zamasamba pamene kale sipankamera kanthu. Musasese malowo mpaka kuyera. Mukawasiya ndi masamba, mudzaona timitengo tomera tokha tochokera ku njere zobwera ndi mbalame ndi mileme, monga gwafa, mkuyu kapena mpoza, ndipo tina mwa ito n'toyenera kutisunga kapena kutiokera pena. Kabeseni ka madzi pamthunzi kamabweza apumbwa, mpheta ndi njiwa zimene zinasamuka mtengo utagwa. Madziwo muzisintha masiku awiri kapena atatu alionse kuti musaswere udzudzu.

Mbande yokwatitsa imatha kuchita maluwa chaka choyamba chomwe, poti kanthambi kake n'kochokera ku mtengo wokhwima. Dzanja limalemera kuwachotsa, makamaka ngati ndi mbewu ya mtengo uja, koma achotseni zaka ziwiri zoyambirira kuti mphamvu ipite ku mizu ndi ku thunthu. Kamtengo kobala msanga kamapinimbira ndipo kamatha kuthyokera polumikiza. Kakafika mita imodzi, budulani nsonga kuti kachite nthambi, n'kusiya zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana.